Za magalasi anga aja

Abale, mwezi watha ndinafunsa kuti munthu wa maso osaona patali ngati anga, ofuna magalasi amphamvu ya -9.00 kumanja ndi -8.50 kumanzere, angapeze kuti magalasi osatsetsereka pamphuno muno mu Blantyre. Akale aja anali okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo ndikangowerama pochapa ankagwera m'beseni.

Ndinamvera malangizo anu. Ndinakayezetsanso maso kuchipatala cha maso cha Lions, pa Queens paja, kenako ndinatenga pepala la zotsatira kupita kusitolo ina m'tauni. Mayi amene anandithandiza ataona felemu yanga yaikuluyo anangopukusa mutu. Akuti galasi la munthu wosaona patali limakhala lopyapyala pakati, lokhuthala m'mbali, choncho felemu ikakula, kulemera nakonso kumakula. Ine ndiye ndinkakonda zazikuluzo, zamafasho! Anandisankhira yaing'ono, yozungulirako, yokhala ndi timapilo tapamphuno tomwe amatha kupinda kuti tigwire bwino. Anayezanso mpata wa pakati pa maso anga, mamilimita 62, n'kudontheza kadontho ka inki pagalasi pomwe diso limayang'anira. Kumene ndinagula akale aja sanachite zimenezi, mwina n'chifukwa chake mutu unkandiwawa madzulo alionse.

Ndinasankha magalasi a 1.67, opyapyala kuposa wamba aja. Mtengo wake, eeh, thumba linalira. Anachita kuitanitsa, ndinadikira masabata awiri.

Masiku atatu oyamba pansi pankaoneka ngati potsetsereka, moti potsika minibasi ku Limbe ndinatsala pang'ono kugwa. Pano zakhazikika, ndipo dzulo ndachapa osawagwirako n'kamodzi komwe.