Kulira kwa injini kuja tapeza gwero lake

Abale, ndabweranso pa nkhani ya Corolla yanga yakale ija, imene ndinafunsa kuti bwanji imalira "tswiii" ndikailiza m'mawa, makamaka kukazizira kuno ku Zomba, komanso ndikakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto.

Ambiri munati ndiwaze madzi pang'ono pa lamba wa injini, injiniyo ikuyenda. Ndinatero, phokoso linatha kwa kanthawi n'kuyambiranso. Chimenecho ndi chizindikiro choti phokoso likuchokera pa lamba. Titamuyang'ana bwino, mkati mwake anali atasalala, akunyezimira, ali ndi timing'alu ting'onoting'ono.

Koma makaniko sanakhutire nazo. Anachotsa lambayo n'kuyamba kuzunguza ma pulley (timagudumu timene lamba amayendapo) ndi dzanja imodziimodzi. Ya pampu ya chiwongolero inali bwino. Ya alternator (chida chotchaja batire) ndiye inkakhwekhwereza, ukaigwedeza ikugwedera. Beringi yake, imene imathandiza pulley kuzungulira mofewa, yatha. Akuti beringi yotere imalimbitsa pulley, lamba n'kumakhulika mpaka kupsa, ndiye kungogula lamba watsopano kukanakhala kutaya ndalama. Beringi ikakhala yolira yokha, madzi aja sasintha kanthu, koma kwa ine zonse ziwiri zinali ndi vuto.

Tasintha beringi ndi lamba, tamukunga bwino. Dzulo ndakwera mtunda wa ku Chawe, injini ili zii, nyali ya batire osayaka.

Amene munati ndipake sopo kapena oyilo pa lamba, pepani akuluakulu, zimenezo ayi. Oyilo amawononga labala, ndipo lamba amaterereka kuposa kale.