Kodi tisaine mgwirizano wa zaka ziwiri ndi osindikiza magazini yathu?

Mkonzi wa magazini

Ndikupempha uphungu kwa inu amene mwakhala mukugwira ntchito ndi makampani osindikiza. Magazini yathu imatuluka mwezi ndi mwezi, ili ndi masamba 48 osawerengera chikuto, ndipo mpaka pano takhala tikukambirana mtengo mwezi uliwonse. Tsopano osindikiza athu atipatsa mgwirizano wa zaka ziwiri wokhala ndi mtengo wotsikirapo, koma muli ndime yowapatsa ufulu wokweza mtengowo nthawi iliyonse imene mapepala akwera. Kodi ndime yotere ndi yachizolowezi, kapena tikudzitchera msampha tokha?

Woyendetsa makina osindikizira wopuma pantchito

A Mkonzi, ndimeyo isakudabwitseni, chifukwa mapepala amadya gawo lalikulu la ndalama zosindikizira, ndipo palibe wosindikiza wanzeru amene angalonjeze mtengo umodzi kwa zaka ziwiri. Amene analipo m'chaka cha 2022 akukumbukira mmene mapepala anavutira pamene ogwira ntchito m'mafakitale a UPM, kampani yopanga mapepala, ku Finland ananyanyala ntchito kuyambira Januwale mpaka Epulo. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kalembedwe ka ndimeyo. Apempheni agawe mtengo pawiri, wa mapepala paokha ndi wa ntchito pawokha, kuti chokwera chizikhala cha mapepala basi. Azikuonetsani umboni wochokera kwa owagulitsa mapepalawo, azikuchenjezani kukadali masiku 30 kapena 60, ndipo mapepala akatsika mtengo nanunso muziona kusintha. Mtundu wa pepala ulembedwenso momveka, mwachitsanzo 80 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) m'kati ndi 170 gsm pachikuto, apo ayi tsiku lina mudzalandira magazini yopyapyala, chithunzi cha kuseri chikuonekera patsamba la kutsogolo, n'kuuzidwa kuti pepalalo n'lofanana ndi lakale.

Koma ine ndimaona kuti chimene mukugula kwenikweni ndi malo anu pamakina. Masamba 48 ndi zigawo zitatu za masamba 16, ndipo chigawo chilichonse chimafuna mapuleti akeake (zitsulo zopyapyala zodindira) a mitundu inayi ya inki. Mukachedwetsa mafayilo ndi tsiku limodzi, makinawo sakudikirani, amapatsidwa ntchito ya wina. Choncho mgwirizano unene tsiku lotumiza mafayilo, tsiku lolandira magazini, ndi chimene chidzachitike aliyense wa inu akachedwa, osati inu nokha.

Wofalitsa magazini ya zaulimi

Ndikugwirizana ndi a Woyendetsa makina, koma ndiwonjezepo zimene zinandionekera ine. Tinaitanitsa makope 5,000, ndipo pa invoisi panabwera makope ochulukirapo amene sitinawapemphe. Nditafunsa, anandiwerengera ndime yaing'ono yonena kuti akhoza kupitirira kapena kuperewera ndi makope 10 pa 100 alionse, ndipo ife tizilipira onse amene afika. N'zoona kuti makina aakulu saima ndendende pa nambala imene mwanena, koma malirewo mukhoza kuwakambirana kuti achepe.

Nkhani inanso ndi ya mitundu. Mwezi wina tsamba la wotsatsa malonda wathu wamkulu linatuluka lofiirira m'malo mwa kufiira kwa chizindikiro chake, ndipo anakana kulipira. Ife tinali titavomereza proof, chitsanzo chimene amakuonetsa asanasindikize, pongoyang'ana pakompyuta, ndiye tinalibe pogwira. Kuyambira pamenepo timasaina proof yosindikizidwa papepala, timatumiza mafayilo a PDF/X-4 (mtundu wa PDF wokonzedwera kusindikiza) okhala ndi zithunzi za 300 dpi (madontho 300 pa inchi iliyonse), ndipo tinalembetsa kuti makina azitsata muyezo wa padziko lonse wa kasindikizidwe ka mitundu wotchedwa ISO 12647-2.

Mlangizi wa zamapangano

A Mkonzi, werenganinso mofatsa ndime ya kathetsedwe ka mgwirizano, pakuti ambiri amaiona mochedwa. Mapangano ena amangopitirira okha chaka ndi chaka ngati simunalembe kalata yokana pa nthawi yoikika. Ena amakukakamizani kulipira makope kapena masamba osachepera nambala yakutiyakuti, ngakhale otsatsa malonda atachepa. Osindikiza ambiri amalembanso kuti akalakwitsa adzangosindikizanso kapena kubweza ndalama ya ntchitoyo, osati ndalama imene mwataya kwa otsatsa. Zimenezi n'zovuta kuwasunthapo, koma mukhoza kupempha ufulu wotuluka popanda chindapusa ngati achedwetsa magazini kawiri motsatizana, kapena ngati mtengo wakwera kupitirira malire amene mwagwirizana. Loya wodziwa malamulo a dziko lanu auone mgwirizanowo musanasaine.

Mkonzi wa magazini

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndauwerenganso usiku wathawu, ndipo ndapeza kuti masiku athu otumizira mafayilo alembedwa onse 24, koma tsiku lawo lotibweretsera magazini silikutchulidwa paliponse. Ndiyambira pamenepo tikakumana nawo sabata yamawa, kenako ndiwapempha agawe mtengowo pawiri.