D&D (Dungeons & Dragons) yakale ija ndi 5e, kusiyana kwake kuli pati kwenikweni?

Kamdothi: Moni nonse. Ife timasewera 5e, edition yachisanu ya D&D, masewera a pa tebulo a nthano ndi madayisi, Loweruka lililonse, tilipo asanu, ine ndiye DM, woyendetsa masewerawo. Vuto ndi loti ndewu imodzi ndi ma goblin (tizilombo ta m'masewerawa) asanu ndi mmodzi imatidyera ola lathunthu, aliyense maso pa pepala kufufuza mphamvu yoti agwiritse ntchito, ndipo chiyambireni palibe karakita anafapo moti anthu saopanso kanthu. Ndamva za B/X ya 1981, D&D yakale ya mabuku a Basic ndi Expert, ndi Old-School Essentials yomwe inalembanso malamulo akewo. Amene munasewerako, ndi bwinodi kapena ndi anthu ongosowa zakale?

Nyalugwe_77: Achimwene yesani, koma muwachenjeze anzanuwo kaye. Buku la Basic lomwe anakonza Tom Moldvay ndi masamba 64 basi, pomwe Player's Handbook ya 2014 imadutsa 300. Karakita umapanga mphindi khumi, madayisi atatu a d6 (a mbali zisanu ndi imodzi) pa luso lililonse la karakita motsatana, zomwe zagwa ndi zomwezo. Wamatsenga amayamba ndi spell imodzi, HP yake, mapointi a moyo, imachokera pa d4, dayisi ya mbali zinayi, ndiye atha kukhala ndi 1, ndipo ukafika pa 0 wafa, kulibe ma death save atatu aja a 5e, madayisi oponya kuti upulumuke imfa. Chimene chimasintha zonse ndi XP, mapointi okwezera karakita, chifukwa yambiri imachokera ku chuma, ndalama imodzi yagolide XP imodzi, kupha zilombo kumapereka pang'ono zedi. Ndiye anthu amasiya kuthamangira ndewu, amayamba kuzemba, kunyengerera, kugula njira. Ife tsiku loyamba tinafika pa khonde lina mu phanga, wina anati ndikuthira madzi pansi ndione komwe akulowera, madzi analowa mu mng'alu pakati pa miyala, apo tinadziwa kuti pali mbuna. Palibe anaponya dayisi. Mu 5e akanangoti Perception check, 14, wapeza msampha, nkhani yatha. Kusiyana kwake ndi kumeneko kwa ine, yankho limachoka m'mutu mwako osati pa pepala.

MaiDragon: Ine ndikana pang'ono. Mng'ono wanga anakhala sabata yonse akulemba mbiri ya karakita wake, dzina la mudzi, chifukwa chomwe anathawira kwawo, zonse, kenako tinayesa malamulo akalewo anafa pa chitseko chachiwiri ndi muvi umodzi. Sanabwerenso kwa miyezi iwiri. Anthu ambiri amabwera pa tebulo kudzakhala ngwazi mu nthano yaitali ndipo 5e inapangidwira zimenezo, wamatsenga ali ndi ma cantrip, timatsenga ting'onoting'ono toponya nthawi iliyonse, osangokhala kumbuyo atanyamula muuni spell yake itatha. Komanso advantage, kuponya ma d20 awiri n'kutenga lalikulu, munthu watsopano amaimva kamodzi. Yakale ija AC, nambala ya chitetezo, ikamatsika ndiye kuti ndi yabwino, wopanda zida 9, wovala zida zachitsulo za plate 3, muwafotokozere atsopano muone nkhope zawo. Ndipo pamene malamulo ali ochepa zonse zimatsamira pa DM, akakhala wokondera palibe pothawira.

Nyalugwe_77: Za AC zoona amayi, koma zinakonzedwa kale, Basic Fantasy RPG imagwiritsa AC yokwera ndipo PDF yake ndi yaulere, Old-School Essentials nayo ili ndi njira ziwiri zonse. Masewera amenewa anatheka chifukwa cha OGL, laisensi yolola ena kugwiritsa ntchito malamulo a D&D, yomwe eni ake a D&D, Wizards of the Coast, anatulutsa mu 2000 pamodzi ndi 3rd edition, anthu anaigwiritsa ntchito kulembanso malamulo akale, OSRIC, imodzi mwa masewera otere, inatuluka 2006. Za mng'ono wanu pepani, ndi chifukwa ndinati achenjezedwe kaye, kumeneko mbiri ya karakita imalembedwa akapulumuka maulendo atatu.

Chiphaso: Kamdothi, musataye 5e, bwerekani zinthu zitatu muone. Choyamba morale, nambala ya kulimba mtima kwa zilombo, goblin woyamba akagwa komanso theka likatha ponyani 2d6, ma d6 awiri, ikaposa nambala yawo athawe kapena agonje, ndewu yanu ya ola ija ifupika yokha. Chachiwiri reaction roll, kuponya madayisi kuti muone mmene chilombo chikulandirireni, si chilombo chilichonse chimafuna kumenyana, china chili ndi njala chabe. Chachitatu werengani nthawi, muuni umayaka ola limodzi, ma turn asanu ndi limodzi a mphindi khumi khumi, ine ndimaika nyemba zisanu ndi imodzi m'mbale n'kumachotsa imodzi imodzi onse akuona, ikatsala imodzi mudzamva mmene amakanganirana zobwerera. Long rest, kupuma kwakutali kwa mu 5e, asamaipeze mkati mwa phanga, maola eyiti HP yonse kubwerera ndi zomwe zikuchotsa mantha pa tebulo lanu.

Kamdothi: Zikomo kwambiri nonse. Loweruka lino ndiyamba ndi morale ndi nyembazo mu kampeni yathu, kenako mwezi wamawa tidzasewera B/X usiku umodzi wokha, aliyense apange makarakita awiri kuti wina akafa asakhale pansi kuonerera. Nyalugwe, mu B/X ma retainer, othandiza olembedwa ganyu, amalandiranso gawo la XP kapena golide yekha?