FSK yanga ikutuluka zinyalala, ndisamukire ku AFSK?

Kachingwe: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Nkhani ndi ya RTTY, kutumizirana zilembo pa wailesi ya amateur (ham radio). Ndikugwiritsa ntchito MMTTY, pulogalamu ya RTTY, mkati mwa N1MM Logger+ (pulogalamu yolembera amene mwalumikizana nawo pa mpikisano), 45.45 baud, shift 170. Kulandira kulibe vuto. Ndikatumiza PTT (switchi yotumizira) ikugwira, mphamvu ikutuluka, koma a mbali inayo akuti akungoona zilembo zopanda mutu. Ndili pa adaputala ya USB ya serial, TxD ikudutsa pa 2N2222 ndi resistor ya 1k kukalowa pa FSK ya wailesi (njira imene wailesi yokha imasinthira matoni awiri a RTTY). Polarity ndatembenuza, olo kusintha. Mpikisano wayandikira. Ndingozitaya izi?

Mlongoti: Achimwene, yambani mwakayikira adaputalayo. RTTY imafuna 5 bits, stop 1.5, pa 45.45. Maadaputala ambiri a USB satha kutsika mpaka liwiro limenelo, ena 5 bits saidziwa n'komwe, ndipo kompyuta siidandaula, imangotumiza zake. Ikani EXTFSK (kapulogalamu koonjezera pa MMTTY kamene kamawerengera nthawi ya ma bit m'malo mwa adaputala), kapena EXTFSK64 ngati makina anu akufuna imeneyo. Mu Setup ya MMTTY, pa TX, Port ikhale EXTFSK. Pa Misc, Tx Port ikhale COM-TxD(FSK). Kawindo kena katseguka, m'menemo sankhani COM yanu, FSK pa TxD, PTT pa RTS. Muikenso 1N4148 pakati pa base ndi ground, chifukwa serial imatsika mpaka ku negative ndipo transistor simakondwa nazo.

Wamawu: Mukudzivutitsiranji? AFSK basi. Matoni awiriwo achokere pa kompyuta ngati mawu: chingwe cha sound card, wailesi pa modi ya LSB (lower sideband), toni ya mark 2125 Hz, ya space 2295 Hz, mwatha. Wolandira sangasiyanitse.

Zamawaya: Sangasiyanitse ngati mwatchera bwino, bambo Wamawu. Ambiri satchera. Mawu akachuluka ALC (mita yoonetsa kuti wailesi ikudzichepetsera yokha mphamvu) imakwera, siginolo imafutukuka n'kuphimba anzanu. Kompresa izime, maikolofoni isakhale yamoyo, ndipo sound card ya wailesi isakhale imene Windows imaliziramo timabelu take, apo ayi bandi yonse imva kuti mwalandira imelo. Musatsikenso ku matoni a pansi ngati 1000 Hz: harmonic yachiwiri igwera pa 2000, mkati mwenimweni mwa fyuluta ya SSB, ndiye mumaoneka pawiri. Ya 2125 imagwera pa 4250, fyuluta n'kuidula. China, mawailesi ambiri amakupatsani fyuluta yopapatiza pokhapokha muli pa modi ya RTTY. Fyuluta ya twin peak ya Icom, mwachitsanzo, pa LSB simuipeza.

Wamawu: ALC pa ziro, nkhani yatha. Ndipo FSK ya mawailesi ambiri siyosalala, imadumpha mwaukali kuchoka pa mark kupita pa space, ma click n'kumwazikira mbali zonse. AFSK yotcheredwa bwino ndi yopapatiza kuposa imeneyo. AFSK basi.

Mlongoti: Za ma click mwanena zoona, koma funso la mnzathu silinali limenelo.

A Kachingwe, chenjezo pa EXTFSK. Nthawi ya bit iliyonse imawerengedwa ndi kompyuta, ndipo bit imodzi ndi 22 ms yokha. Kompyuta ikatanganidwa ndi logger, cluster (pamene anthu amalengezera masiteshoni amene awamva) ndi ma decoder awiri, ma bit amatalika ena kufupika. Wapafupi akuwerengani bwino, wakutali amene akukumvani movutikira azingoti AGN (bwerezani). Mankhwala ake ndi kachipangizo kapadera, TinyFSK ya K0SM pa Arduino Nano, kapena WinKeyer 3: kompyuta imangotumiza zilembo, nthawi amasunga ndi kachipangizoko. Pa Arduino ikani optocoupler ngati 4N25 pa FSK ndi ina pa PTT.

Zamawaya: Musanagule kanthu yesani izi. Dummy load, mawati 5, tumizani RYRYRY, mverani pa wailesi ina kapena SDR (wailesi yomverera kudzera pa kompyuta). Mukamva toni imodzi yosasintha, keying siikufika, onani waya ndi pini. Matoni awiri koma zosawerengeka, dinani Rev pa decoder yomverayo. Zikawerengeka ndi polarity, zikapanda ndi liwiro. Zikakhala bwino pa mawati 5 koma n'kusokonekera pa mlongoti ndi mphamvu zambiri, imeneyo ndi RF ikulowa m'chingwe cha USB. Kulungani chingwecho kangapo pa ferrite ya mix 31. Ndipo RTTY siipumitsa ma final (ma transistor opereka mphamvu yotumizira) ngati SSB, wailesi ya mawati 100 muiyendetse pa 50.

Kachingwe: Nanga pulogalamu ya fldigi? Ndili nayo kale.

Mlongoti: Imagwira, koma samalani: fldigi imayembekeza modi ya USB (upper sideband, osati chingwe chija), MMTTY pa AFSK imayembekeza LSB. Mukasakaniza mwatembenuza mark ndi space. Pa mpikisano khalani pa MMTTY, muonjeze decoder ya 2Tone ya G3YYD pa windo lachiwiri lolandirira. Pamene ina yaphonya callsign inzake nthawi zambiri imagwira.

Wamawu: Ndipo pa AFSK batani la NET limagwira, mumayankha pomwe mwamumvera munthu. Pa FSK NET ndi chokongoletsera chabe. Ndanena kale ine.

Zamawaya: Ndiye chifukwa chake pa FSK AFC (imene imachititsa decoder kutsata yokha siginolo) izime mukamasaka masiteshoni, apo ayi decoder imatsetsereka inu n'kumayankha pambali. Koma a AFSK nawonso amaiwala kuti pa LSB dial sionetsa mark. Muchotse 2125 Hz: dial ikati 14.085, mark yanu ili pa 14.082875. Spot (malipoti a pamene siteshoni yamveka) zambiri zolakwika zimachokera pamenepo.

Chikumbutso: Poti mwatchula ma decoder, kodi USOS (yobwezera decoder ku zilembo pakadutsa mpata) mumaisiya yoyaka? Ena amanditumizira TOO m'malo mwa lipoti la 599.

Mlongoti: FIGS, chizindikiro chosinthira ku manambala, yatayika panjira. Yang'anani mzere wa pamwamba pa kiyibodi: Q ndi 1, W ndi 2, mpaka P ndi 0. TOO ndi 599. Yatsani USOS kolandira ndi kotumiza komwe, manambala muwalekanitse ndi mipata, ndipo diddle (zotumizidwa pamene simukulemba) ikhale LTRS, chizindikiro chobwerera ku zilembo.

Wamawu: A Kachingwe, mwayesa AFSK ija?