Makalata okhudza matenda a kazembe Joel Barlow mu 1812

Nachisale: Akuluakulu, ndikuwerenga za Joel Barlow, amene Pulezidenti James Madison adamutumiza ku France mu 1811 ngati kazembe wa dziko la America. Chikundizunguza mutu n'chakuti m'makalata ake opita kuboma simukuoneka dandaulo la matenda, chonsecho munthuyu adamwalira ndi chibayo ali pa ulendo wa ntchito ku Poland. Kodi adabisa dala kudwala kwake? Nanga bwanji mabuku ena akuti adamwalira pa 24 Disembala pomwe ena akuti pa 26?

Mphunzitsi wopuma: Mayi Nachisale, sindikhulupirira kuti adabisa kanthu. Tsatani bwino masiku a ulendowo. Nduna ya Napoleon yoona za kunja, Duke wa ku Bassano, idamuitanira ku mzinda wa Vilna (lero Vilnius, ku Lithuania) kuti akamalize pangano la zamalonda ndi nkhani ya chipukutamisozi cha zombo za America zomwe France idalanda. Barlow adafika kumeneko mu Novembala 1812, koma asilikali a Napoleon anali atayamba kale kuthawa kuchokera ku Moscow, ndipo mfumuyo sidakumane naye n'komwe. Pa 5 Disembala iye adanyamuka pa ngolo ya akavalo m'chisanu choopsa, nadzera ku Warsaw, ndipo matenda adamukulira pa njira yopita ku Kraków mpaka adatsikira m'mudzi wa Żarnowiec. Munthu wa zaka 58 amene akubanika pa chifuwa m'ngolo yogwedezeka sangagwire cholembera kuti afotokozere James Monroe, nduna ya America yoona za kunja, za thupi lake.

Gama: Zimene anena aphunzitsiwa n'zoona, koma ndiwonjezere kuti mukufufuza m'bokosi lolakwika. Makalata a boma amakamba za boma. Amene adaona kudwalako ndi maso ndi Thomas Barlow, mwana wa mbale wake yemwe adamuperekeza monga mlembi, ndipo nkhani yake idalunjika kwa Ruth, mkazi wa kazembeyo, amene adatsala ku Paris. Mapepala ambiri a banjali amasungidwa ku Houghton Library ya ku Harvard. Zimandimvetsa chisoni kuti olemba mbiri ambiri amathamangira nkhani ya pangano lomwe lidalephereka, n'kuiwala mnyamata amene adaika maliro a kholo lake pakati pa anthu achinenero china.

Pa za tsikulo, tsatirani kaundula wa tchalitchi cha ku Żarnowiec, yemwe akusonyeza 26 Disembala, chifukwa adalembedwa pamalo pomwe malirowo adachitikira.

Mphunzitsi wopuma: Musaiwalenso, Mayi, kuti nthawi imeneyo America inali pa nkhondo ndi Britain, choncho makalata owoloka nyanja ankachedwa kwambiri. Pa kalata iliyonse yang'anani tsiku limene idalembedwa ndi limene idalandiridwa, pakuti ku Washington ankamuyesabe wamoyo iye ali kale m'manda. Womulowa m'malo, William H. Crawford, adafika ku Paris chapakati pa 1813.

Nachisale: Zikomo Bambo Gama ndi inu aphunzitsi. Ndiyamba ndi makalata a Thomas opita kwa Ruth, kenako ndiwayerekeze ndi a boma.