WiFi ya pa yadi ikungoduka, tithandizeni

Wa ku Cosmo City: Abale mwaswera bwanji. Pa yadi pathu kuno ku Joni tinasonkherana anthu asanu kulipira intaneti ya waya wa fibre, rauta (kabokosi kotulutsa WiFi) ili m'nyumba yaikulu kwa landilodi koma ine chipinda changa ndi chakumbuyo kwenikweni, ndikaimba ya vidiyo kumudzi mayi amangoti mukuduka duka. Pa foni pakubwera maina awiri, lina lili ndi 5G kumapeto ndiye ndimalowa pa limenelo poti akuti ndi lothamanga

Wa ku Bellville: Achimwene 5G imeneyo si ya pa tawa ayi, ndi 5GHz. Rauta ikutulutsa netiweki ziwiri, 2.4GHz ndi 5GHz, maina mukuwaonawo ndi amene amati SSID. Ya 5 imathamangadi koma ikangodutsa makoma awiri yafooka basi, ya 2.4 ndi yochedwerapo koma imafika patali. Inu akumbuyo lowani pa dzina lopanda 5G lija

Wa ku Durban: Komanso kaoneni pomwe anaiyika. Eni nyumba amakonda kuibisa kuseri kwa TV kapena mu kabati kuti pabalaza pazioneka bwino, ndiye mphamvu yonse imathera momwemo. Iikidwe pamwamba, poyera, chakufupi ndi windo loyang'ana kwa inuko. Malata amatchinga kwambiri, microwave nayo ikayaka imasokoneza ya 2.4

Wa ku Cosmo City: Zoona achemwali ili pansi pa tebulo ya TV 😂 koma china, tinalipira ya 20Mbps koma podawunilodi ikulemba 2 point chakuti, sakutibera?

Wa ku Bellville: Ayi palibe wakuberani. Iwo amagulitsa mu ma megabit, foni imawerenga ma megabyte, mumagawa ndi 8, ndiye 20Mbps ndi 2.5MB pa sekondi, ndipo imeneyo mukugawana nonse asanu, wina akatsegula YouTube pa TV enanu muziona. Pa vidiyo kol chofunika kwambiri ndi upload, liwiro lotumizira zinthu kuchoka kwa inu, funsani kuti phukusi lanu upload yake ndi ingati poti nthawi zambiri imakhala yochepa kuposa download

Wa ku Pretoria West: Ine funso langa ndi lakuti mulidi asanu? Masiku ano mwana amangoonetsa QR code yolowera pa WiFi kwa mnzake, mawa lake msewu wonse uli pa WiFi yanu. Tembenuzani rauta, pansi pali stika, pali adiresi ngati 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, za Huawei zoika SIM zambiri ndi 192.168.8.1. Lembani nambala imeneyo mu Chrome muli pa WiFi yomweyo, ikufunsani pasiwedi ya admin, dziwani kuti imeneyi ndi ina, si ya WiFi ija. Mukalowa pezani polembedwa connected devices kapena DHCP clients, muwerenge mafoni. Akachuluka musavutike ndi kubuloka mmodzimmodzi chifukwa mafoni atsopano amasintha MAC address, nambala imene rauta imazindikirira foni, ingosinthani pasiwedi, security ikhale WPA2 kapena WPA3, WPS (njira yolowera pa WiFi osalemba pasiwedi) muzimitse

Wa ku Durban: Koma chonde kabowo kolembedwa reset musakabaye ndi phini, kamafufuta zonse mpaka za kampani zomwe, mutha kukhala opanda intaneti weekend yonse. Ikavuta ingozulani pulagi, dikirani pang'ono, mubwezeretse. Ndipo ka bokosi ka pakhoma kolowa waya wa fibre si rauta, ndi ONT, kakayatsa red pa kagetsi kolembedwa LOS ndiye kuti vuto lili pa layini, imbirani kampani

Wa ku Bellville: Zonsezi zikakanika musathamangire extender (yotalikitsira WiFi) madala, imalandira signal yofooka kale n'kumakupatsani yofookayo. Gulani waya wa ethernet, umagwira bwino mpaka mamita 100, muutenge pa kabowo kolembedwa LAN pa rauta ya landilodi kukafika kuchipinda kwanu, kumeneko muike karauta kakale pa access point mode kuti kazitulutsa WiFi kuchokera pa wayayo

Wa ku Cosmo City: Ndalowa pa 2.4 ndayankhula ndi mayi osaduka. Pa list paja pali zinthu 14 abale 😭 madzulo ano tikhala pansi ndi landilodi za pasiwedi. Waya wa mamita 30 ndingaupeze kuti chakuno?