Zowonjezera pa funso la mapulogalamu opangira munthu wongopeka amene mumasewera ngati iye mu masewera a Dungeons and Dragons, kapena kuti D&D

Munafunsa kuti pakati pa D&D Beyond, PCGen ndi Pathbuilder 2e yabwino ndi iti, ndipo tinati muyambire pa D&D Beyond. Pali mfundo ina imene sitinaitchule koma ndi yofunika kwambiri.

M'malamulo a 2014, mapointi owonjezera pa mphamvu, nzeru ndi zina amachokera ku mtundu wa munthuyo, kaya ndi elf kapena dwarf. M'malamulo a 2024 amachokera ku background, kutanthauza mbiri ya moyo wakale wa munthuyo. Mukasakaniza malamulo awiriwa, mapointiwo akhoza kulowa kawiri. Choncho gwirizanani kaye ndi wotsogolera masewerawo, kenako muwerenge nokha: point buy, njira yogulira manambala a mphamvu, nzeru ndi zina, imapereka mapointi 27, ndipo nambala iliyonse imakhala pakati pa 8 ndi 15 musanawonjezere. Ikapitirira 17 pa level 1, fufuzani kumene yachokera.

Dziwaninso kuti kugula buku lapepala sikutsegula zinthu zake pa D&D Beyond, ndipo akaunti yaulere imasunga anthu 6 okha amene mwawapanga. PCGen ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti, kungoti imavuta kwa oyamba kumene. Pathbuilder 2e musavutike nayo ngati gulu lanu likusewera D&D, chifukwa inapangidwira masewera ena otchedwa Pathfinder.